Kusosa Sikubzala

Mwezi wa Okutobala ukafika, mapiri a Dowa ndi Ntchisi amabisala mu utsi. Dzuwa limaswa mtengo, nyenje zimalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo m'minda ya m'mphepete mwa mapiri mumaoneka anthu atawerama, ena akusosa, ena akuunga mizere. Kumwamba kulibe ngakhale kamtambo. Mlendo wosadziwa za ulimi akhoza kudabwa kuti anthuwa akulimbiranji ndi nthaka youma gwaa chonchi. Koma mlimi amadziwa kuti wodikira mvula kuti agwire khasu, chaka chimenecho adzadya kwa eni. Amadziwanso kuti wothamangira kubzala ndi mvula ya chizimalupsa, mbewu yake imapsera m'nthaka.

Akuluakulu akale adasiya miyambi iwiri yooneka ngati ikukangana. Wina umati, "Kuthamanga sikufika." Unzake umati, "Zengerezu adalinda kwawukwawu." Mwana wasukulu akaipeza pamayeso amaimasulira uliwonse pawokha, n'kukhoza. Koma munthu amene wagwira mpamba m'manja, nafuna kuyamba malonda, miyambi iwiriyi imamukokera uku ndi uku. Akonzekere mpaka pati? Ayambe liti? Funso limeneli lidayankhidwa ndi moyo wa ana atatu a bere limodzi, m'mudzi wina wa pakati pa Mponela ndi boma la Ntchisi, ndipo yankholo lidawadyera zaka zoposa 20.

Ana atatuwa, amuna awiri ndi mlongo wawo, bambo awo adamwalira iwo akadali aang'ono. Monga mwa mwambo wa Achewa, adatsala akuwayang'anira ndi atsibweni awo, mlongo wa mayi awo, mwini mbumba. Mkuluyu sukulu sadapite nayo patali, koma pa fodya padalibe womuphunzitsa. Adayamba ndi fodya wa chikopa, wowamba ndi utsi, amene anthu a ku Dowa akhala akulima kuyambira m'zaka za m'ma 1920. Pamene boma lidayamba kulola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale mu 1990, iye sadachedwe kulowa m'kalabu. Sadali munthu wolongolola. Munthu akabwera ndi nkhani, iye ankayamba watsina fodya wake wamphuno, kenaka n'kufunsa mafunso.

Wamkulu mwa anyamata awiriwo adali munthu wamoto, wamanja olimba, wosaopa ntchito. M'chaka cha 2001 fodya wake adayenda bwino ku okushoni ku Kanengo. Atatapa ndalama zake kubanki, adatsika pa Mponela, ndipo adaima nthawi yaitali pafupi ndi chigayo china, akuyang'ana mzere wa amayi ndi madengu awo. Adawerenga amayiwo, adawerenga ndalama imene aliyense ankapereka, mtima wake udagunda. Kwawo chigayo chidali kutali, kotero kuti amayi ankanyamuka tambala woyamba n'kubwerako dzuwa litapendeka. Asadafike n'kunyumba komwe, adali atamva kale za munthu wina amene ankagulitsa chigayo cha dizilo chogwirapo kale ntchito.

Madzulo ake adapita kwa atsibweni ake, osati kukafunsa nzeru koma kukawadziwitsa.

"Atsibweni, ine ndaganiza zogula chigayo. Amayi a mudzi uno avutika kokwanira."

Mkulu uja adatsina fodya. "Maganizo abwino, mphwanga. Ndalama zakwana?"

"Zaperewera pang'ono. Ndigulitsa ng'ombe ziwiri zija pamodzi ndi ngolo. Chotsalacho nditapa m'nkhokwe, poti chimanga chayamba kukwera mtengo."

"Nanga mwasuzumirako m'nkhokwe za anzanu? Mvula ya chaka chino idachuluka, chimanga chidamira m'madzi. Odzagayitsawo adzagayitsa chiyani ikamafika Disembala? Nanga mwini chigayoyo akuchigulitsiranji? Chikadzawonongeka, wochikonza ali kuti?"

"Atsibweni, ndikati ndiyankhe zonsezi, wina achigula. Paja mumati fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Zoona," adatero mkuluyo. "Ng'ombe gulitsani, ndi zanu. Koma nkhokwe yokhayo musaikhudze. Nkhokwe si yanu, ndi ya ana."

Pasadathe milungu iwiri chigayo chidafika pa lole, ana akuthamangira pambuyo, amayi akuimba nthungululu. Nkhokwe idali itatapidwa mpaka pansi. M'miyezi ya Julayi, Ogasiti ndi Seputembala chigayo chidalira bwino, ndipo mwini wake ankabwera kunyumba ali mbuu ndi ufa, matumba akulemera ndi ndalama. Mu Okutobala mzere udayamba kufupika. Pofika Disembala amayi ankabwera ndi kambale, ena ndi madeya okhaokha. Mu Januwale 2002 chigayo chidangoti zii. Chimanga chidasowa m'midzi, chidasowa m'misika ya ADMARC, ndipo cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa kale. Mtengo wake udakwera kangapo. Anthu adadya mizu ya nthochi, ena adathyola chimanga chosakhwima kuti apange chitibu. Kumapeto kwa Febuluwale, Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pangozi ya njala.

Mwini chigayo adatsala ndi chitsulo chamtengo wapatali, koma chitsulo sadya. Ng'ombe zimene akadasinthanitsa ndi chimanga zidali zitapita kale. Paja mvula ikakuona litsiro sikata: m'masiku omwewo injini idawonongeka, ndipo wodziwa kuikonza adali ku Lilongwe. Mwana wake wamkazi wa zaka zitatu adayamba kutupa mapazi, tsitsi n'kufiira. Adamugoneka m'chipatala milungu isanu, ndipo adachira mwamwayi. Munthu amene miyezi ingapo m'mbuyomo ankatchedwa bwana wachigayo adakagwira ganyu wopalira kuesiteti kuti alandire mbale ya madeya. Mu Epulo adachigulitsa chigayocho pamtengo wosafika theka la umene adagulira. Wochigulayo adachikonza, ndipo njala itatha adadya nacho phindu kwa zaka zambiri.

Pamenepa ndi pofunika kudekhapo. Maganizo a mnyamatayu sadali oipa, pakuti mudziwo unkafunadi chigayo. Chidamugwetsa ndi mafunso atatu aja, amene akadawayankha m'masiku atatu okha: kuyenda m'midzi isanu n'kuona mmene nkhokwe zidalili, kutenga makaniko kuti akamvere kulira kwa injini, ndi kufunsa anthu oyandikana ndi wogulitsayo. Safunsa adadya phula. Atsibweni ake sadamunyoze ngakhale tsiku limodzi. Adangotapa m'nkhokwe yawo, yomwe sadaigulitseko ngakhale chitsononkho, n'kumatumiza kambale ka ufa tsiku ndi tsiku.

Mng'ono wake adaona zonsezi ali Fomu 3. Iye ndiye ankapalasa njinga kupita ndi phala kuchipatala, ndipo zimene adaona kumeneko zidamukhala mumtima. Adalumbira kuti sadzaponya ngakhale tambala imodzi pa chinthu chimene sadachimvetse kuyambira kumutu mpaka kumchira. Atalemba mayeso a Fomu 4, ntchito itasowa, adabwerera kumudzi n'kumalima soya ndi mtedza. Tsiku lina adagula kope lachikuto cholimba, nalemba pamwamba pake ndi zilembo zikuluzikulu kuti NKHUKU ZA MAZIRA.

Kope limenelo lidali lopatsa chidwi. Adajambulamo khola ndi miyeso yake yonse. Adalembamo chakudya chimene nkhuku imodzi imadya patsiku, masiku operekera katemera wa chitopa, ndiponso kuti nkhuku imayamba kuikira ikakwana pafupifupi miyezi isanu. Adalembamo mitengo ya mazira ya pa Mponela, ya ku Madisi, ya ku Dowa ndi ya ku Ntchisi, ndipo ankaikonza mwezi ndi mwezi. Alangizi a ziweto adafika pomuzolowera, ndipo ankanena moseka kuti mnyamatayu wawaposa. Kope loyamba lidadzaza, lachiwiri lidadzaza, mpaka adakwana 6. Ndalama za soya ankasunga chaka ndi chaka osadyako, chifukwa masamu ake adamuuza kuti phindu lenileni limayambira pa nkhuku 500, ndipo sadafune kuyamba ndi zochepera pamenepo.

Chaka chilichonse chinkabwera ndi chifukwa chake chodikirira. Chaka china chitopa chidasesa nkhuku za m'mudzimo, iye nati ayambe waphunzira bwino za matendawo. Mu 2008 chimanga chidakwera mtengo, nati chakudya cha nkhuku chidzadula. Mu 2011 mafuta adasowa m'dziko, magalimoto n'kumagona pamizere, nati anapiye ndi chakudya chawo zidzafika bwanji kumudzi. Zifukwa zonsezi zidali zoona, ndipo n'chifukwa chake padalibe womutsutsa.

Tsiku lina atsibweni ake adamupeza pansi pa mtengo wa mango, kope lili pamiyendo.

"Mphwanga, nkhuku zija zayamba kuikira?"

"Zatsala pang'ono, atsibweni. Pali tinthu tiwiri timene sindinatimvetse."

"Titi?"

"Sindikudziwa kuti pa anapiye 100 angafe angati m'nyengo yozizira ya kumapiri kuno. Sindikudziwanso ngati eni magolosale angamalipire pompopompo kapena azidzatenga pangongole."

Mkuluyo adakhala chete pang'ono. "Mafunso amenewo kope silingakuyankheni. Oyankha ake ndi anapiye. Gulani 20 akuuzeni. Munda wanu mwausosa zaka 6, mphwanga, wayera ngati bwalo la mfumu. Koma kusosa sikubzala."

Mnyamatayo adaseka mwaulemu, koma anapiye sadagule. Pa 7 Meyi 2012 boma la Mayi Joyce Banda lidatsitsa mphamvu ya kwacha, ndipo dola imene inkagulidwa pa K168 idafika pa K250. Posakhalitsa malata, simenti, waya ndi chakudya cha nkhuku zidakwera mtengo. Ndalama zimene zidatsala pang'ono kukwanira khola ndi nkhuku 500 tsopano zinkangokwanira khola lopanda nkhuku. Mbala sidalowe m'nyumba, chitseko sichidathyoledwe, koma thukuta la zaka zambiri lidapita. Pamwamba pa izo, mnyamata wina wa mudzi woyandikana nawo, amene adayamba ndi nkhuku 30 za mikolongwe m'kakhola kaudzu, adali atagwira kale magolosale onse a m'deralo. Kugona pakati n'kuyambirira. Makope aja adalowa m'sutikesi, sutikesi pansi pa bedi.

Anthu adamumvera chisoni wamkulu uja chifukwa kugwa kwake kudamveka mudzi wonse. Wamng'onoyu padalibe womupepesa, chifukwa kugwa kwake kudalibe phokoso. Komatu onse awiri adataya. Woyambayo adakana mafunso amene akadayankhika asadayambe. Wachiwiriyu adakakamira mafunso amene sangayankhike munthu asadayambe, ndipo mantha ake adabisala kumbuyo kwa masamu.

Mlongo wawo sadali m'maganizo a munthu aliyense pa nkhani za malonda. Sukulu adalekezera Sitandade 7. Mwamuna wake adapita ku Johannesburg kukafuna ntchito, ndipo patapita zaka ziwiri mauthenga adaleka kubwera. Adatsala ndi ana awiri, munda, ndi malo ake m'gulu la banki m'khonde. Kumapeto kwa 2013 gululo litagawana ndalama, iye adamanga gawo lake pansonga ya chitenje n'kupita kwa atsibweni ake, amene panthawiyi maso adali atayamba kuchita khungu. Adagwada chapatali monga mwa ulemu.

"Atsibweni, ndabwera mundiunikire. Ndikufuna ndizigula nyemba m'midzi muno n'kumakagulitsa ku Dzaleka."

Dzaleka ndi malo a pafupi ndi boma la Dowa amene m'nthawi ya Kamuzu adali ndende ya andale, ndipo kuyambira mu 1994 mumakhala anthu othawa nkhondo, ambiri a iwo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Kwa anthu amenewa nyemba ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndipo Lachiwiri lililonse pamakhala msika waukulu.

"Mayi," adatero mkuluyo, "ine za nyemba sindidziwa. Ndimadziwa fodya, ndiye ndikuuzani za fodya. Nazale timafesa mu Ogasiti kapena Seputembala, kumwamba kulibe mtambo. Mbewu yake ndi yaing'ono ngati fumbi, ndipo timaithirira m'mawa ndi madzulo. Mitengo ndi udzu wa chigafa timasakiratu m'chilimwe, chifukwa wofuna udzu fodya atapsa kale amauona ukuwolera m'munda. Ndalama imayamba kutuluka mu Ogasiti, ndipo imabwerera mu Meyi kapena Juni. Wosawerengera miyezi ya pakatipo amagwa m'manja mwa akatapila, kapena amagulitsa fodya wake kwa mavenda pamtengo wolira. Zimenezi ndi zokonzeratu, ndipo wozinyozera ndi chitsiru. Koma tsiku limene mvula idzagwe, kaya matalala adzaboola masamba, kaya mtengo wa ku okushoni udzakhala wotani, palibe amene amadziwiratu. Mu 2011 mabelo ankangobwezedwa, mitengo ili pansi, ndipo tidalira tonse, ochenjera ndi opusa omwe. Amene afuna adziwe zimenezo asadafese nazale sadzalima fodya mpaka imfa."

Adatsina fodya wake, napitiriza. "Ndiye mundiyankhe zinayi. Wodzagula nyembazo mwamuona ndi maso anu, kapena mwangomva? Ndalama idzatuluka liti, idzabwerera liti, ndipo pakatipo ana adzadya chiyani? Zikakanika mudzataya chiyani, ndipo mutachitaya mungagone tulo? Nanga ndani wodziwa ntchitoyi amene mwakhala naye pansi? Mukayankha zinayizi, nyamukani. Zotsalazo akakuyankhani ndi msika."

Mayiyo adalibe yankho ngakhale limodzi, ndipo sadachite manyazi kuvomera. Lachiwiri lotsatira adakwera matola ndi ndalama yoyendera yokha. Pamsikapo adapeza gogo wina wogulitsa nyemba, nakhala pambali pake tsiku lonse akumuthandiza kuyeza ndi kuthira m'majumbo popanda malipiro. Adatero Lachiwiri katatu. Adaona mitundu ya nyemba imene inkatha msanga ndi imene inkatsalira. Adawerenga ndowa zimene gogoyo ankagulitsa patsiku, ndalama ya tikiti ya msika, ndi imene amatola ankalipiritsa pa katundu. Kumudzi adayenda khomo ndi khomo kufunsa amene adasunga nyemba ndi mtengo wake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwake kudali kwa milungu itatu, osati zaka 6.

Kenaka adamasula nsonga ya chitenje ija n'kugawa ndalamazo patatu. Gawo loyamba lidali la zofunika za ana kusukulu, lachiwiri adalisungitsa kwa mayi ake, lachitatu ndilo lidakhala mpamba. Nkhokwe sadaiyang'aneko n'komwe. Lachiwiri lachinayi adanyamuka ndi ndowa ziwiri za nyemba.

Msika udayamba kumuphunzitsa tsiku lomwelo. Nyemba zake zidali zosakaniza mitundu, ndipo ogula ankazidutsa n'kukagula zosankha bwino ngakhale zidali zodula. Kuyambira pamenepo ankakhala usiku ndi lichero, iye ndi ana ake, akusankha nyemba pa nyali ya koloboyi. Nyengo yokolola itafika adagula nyemba zosauma bwino chifukwa zidali zotchipa, ndipo zidachita nkhungu m'thumba. Adaphunzira kuluma nyemba ndi dzino asadalipire. Anankafumbwe adamudyera ndowa yathunthu asadadziwe za matumba osalowa mpweya. Abale adatenga pangongole, ena mpaka lero sadabweze, ndipo adaphunzira kukana mwaulemu. Maphunziro onsewa adawalipira, koma mtengo wa phunziro lililonse udali ndowa imodzi, osati nkhokwe.

Ndowa ziwiri zidasanduka thumba, thumba lidasanduka matumba asanu. Mu 2016, chaka china cha njala pamene Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pangozi, iye adachepetsa malonda ake n'kuika mtima pa chakudya cha pakhomo, ndipo zinthu zitabwerera m'malo adayambiranso. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Mu 2019 adafolera nyumba yake ndi malata. Atsibweni ake sadaione nyumbayo, pakuti adali atamwalira chaka chapitacho.

Nzeru yotereyi si yachilendo m'mapiri amenewa. Zaka zoposa 100 zapitazo kudali mfumu Msyamboza ya ku Chibanzi, imene mbiri yake adailemba mphunzitsi Samuel Josia Ntara, ndipo T. Cullen Young adaimasulira m'Chingerezi mu 1949. Mfumuyi imakumbukika chifukwa choyesa zimene anzake sadaziyese, monga ulimi wothirira ndi kulima tirigu, m'nthawi imene kudalibe banki kapena mlangizi. Aliyense amene adapatutsapo madzi a mumtsinje amadziwa kuti ngalande sikumbidwa mwaphuma: munthu amayamba wayendera malowo, naona kumene kwatsetsereka ndi kumene kuli thanthwe. Koma ngalande sikumbidwanso m'mutu. Ukakumba mikono ingapo umatsegulira madzi, ndipo madziwo ndiwo amakuuza pamene walakwitsa.

Miyambo ya makolo ili ndi muyeso womwewu. Pa ukwati ankhoswe amayamba afufuza mtundu wa munthu, kwawo, ndi mbiri ya makolo ake, chifukwa zimenezi zimafufuzika, ndipo kulakwitsa pamenepa n'kovuta kubweza. Koma palibe nkhoswe imene imadikira kuti idziwe ngati awiriwo sadzakangana. Pa ulimi, chimanga cha mbewu chinkapachikidwa kukhitchini kuti chizifukizidwa ndi utsi, ndipo ngakhale njala ivute bwanji, munthu wanzeru sankachikazinga. Mwambowu ukutanthauza kuti pali gawo limene munthu amaliika pachiswe, ndipo pali gawo limene salikhudza.

Tsono kukonzekera kumayezedwa ndi kulemera kwa chimene sichingabwezedwe. Wofuna kuphika mandasi a mawa, usiku umodzi ukumukwanira, chifukwa akalakwitsa ataya ufa wa tsiku limodzi. Wofuna kugula chigayo ayenera kuyenda, kufunsa ndi kuwerengera milungu ingapo, chifukwa madzi akatayika saoleka. Ndipo pamene chinthu chachikulu chingathe kuyambidwa pang'ono, monga nkhuku 20 m'malo mwa 500, kuyamba pang'onoko ndiko kukonzekera kopambana konse. Mafunso amene miyendo ndi pakamwa zingayankhe, ayankhidwe munthu asadatulutse ndalama. Mafunso amene angayankhidwe ndi ntchito yokha asamuchedwetse munthu pakhomo.

Lero malonda a nyemba aja ali m'manja mwa onse atatu. Wamkulu, amene phuma lake silidathe, ndiye amazungulira m'midzi pa njinga yamoto kukagula, ndipo palibe venda amene amamutsogolera pakhomo la mlimi. Wamng'ono ndiye amalemba zolowa ndi zotuluka, ndipo mlongo wake amati chiyambireni kulemba iyeyo sipadasowe ngakhale kwacha imodzi. Mayiyo ndiye amagamula nthawi yogula ndi nthawi yoleka. Mutu umodzi susenza denga.

Mu 2024 mwana wamkazi wa mayiyo, yemwe ankasankha nyemba pa koloboyi uja, adamaliza maphunziro a zaulimi ku Bunda. Adabwera kumudzi ndi ndondomeko yake pa kompyuta, ya masamba 30, yobzala mitengo ya makadamiya m'munda wa mbumba wa m'mphepete mwa phiri, monga amachitira alimi ena a ku Ntchisi kudzera m'makopaletivi awo. Mtengo umenewu, ngakhale ukhale womezanitsa, umatenga zaka zinayi kapena zisanu kuti uyambe kubereka, ndipo ukabzalidwa munda umakhala wake kwa zaka makumi angapo. Mtsikanayo adali ndi mantha, chifukwa mu Novembala 2023 kwacha idali itagwanso ndi 44 peresenti, ndipo mitengo yonse imene adalemba idali itasintha kale.

Mwini mbumba tsopano adali wachigayo uja. Mtsikanayo adagwada pamaso pake monga adagwadira mayi ake kale, wamng'ono uja atakhala pambali.

"Atsibweni, ndikuganiza kuti ndidikire kaye chaka chimodzi kapena ziwiri, ndione mmene ndalama ikhalire, ndikonzenso masamu anga."

Adayamba kuyankha ndi wamakope uja. "Mbande mwapeza kumene mungagule? Ogula mtedzawo mwalankhula nawo? Alimi amene adabzala kale mwawayendera?"

"Zonsezo ndachita, atsibweni. Ndayendera alimi 7."

"Ndiye masamu akwana. Ine ndili ndi makope 6 pansi pa bedi, mukafuna ndikuonetsani mmene nkhuku za papepala zimaikirira. Kumbani mayenje 40 mwezi uno, mvula ikakhazikika mubzale. Mitengoyo ikuuzani zotsalazo."

Mtsikanayo adasangalala, nati ngati zili choncho bwanji asabzale munda wonse nthawi imodzi, poti mayi ake akhoza kumubwereka mpamba wa nyemba. Mwini mbumba sadayankhe msanga. Pabwalo pankadutsa mwana wake wamkazi, yemwe adatupa mapazi uja, tsopano ali mayi, khanda lili kumsana, ndowa ya madzi pamutu. Adamuyang'ana mpaka adalowa m'nyumba.

"Mitengo 40 bzalani, mayi, kumtunda kuja," adatero. "Pakati pake muzibzala nyemba, kuti munda uzikudyetsani podikira. Kumunsi kukhale kwa chimanga monga kale. Mpamba wa amayi anu musaukhudze, ndipo nkhokwe musaiyang'ane n'komwe. Nkhokwe si yanu, ndi ya ana."

Mawu a akulu akoma akagonera. M'mawa mwake, dzuwa lisadatuluke kuseri kwa phiri, anthu atatu adaoneka akukwera kumunda ndi makasu paphewa, wachinayi akuwatsatira ndi chingwe choyezera ndi kope latsopano.